Mmene Ndinametera Dambo la a Zefaniya

Amene akuseka aseke, mano ndi ake, koma ayambe waika fodyayo pansi, chifukwa munthu sangasankhe masamba bwino uku akutsutsa akulu. Iwe Filimoni, ndakuona, wapinda mlomo pamene ndanena kuti chikwakwa chako chija sichingadule ngakhale nthochi yakupsa. Ukuti ndikudziwapo chiyani ine pa za kunola? Ine Lazalo Mwale? Pita ukafunse kwa Chisemphere, ukafunse kwa Lukwa, ngati njinga yako ili ndi mpweya ukafike mpaka kwa Simlemba, ukanene kuti m'chigafa cha kwanu mumakhala mkulu wina wadazi amene anametapo dambo lathunthu udzu wake osazindikira kuti wametedwa, ukaone ngati sakakutulutsira mpando. Ndikanama, fodya yense tikusankhayu akabwerere ku okushoni osagulidwa. Musandiyang'ane choncho, ndalumbirira wanu chifukwa wanga ndinagulitsa kale. Mboni ndili nayo, si iyo yakhala pakonapo, Naphiri wanga, akumanga mindindi ngati sakumva, koma akumva, ndipo nkhaniyi ndi ya mmene ndinatsala pang'ono kuwaphonya.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene munthu unkatha kuiwala nsapato kunyumba koma osati khadi. Ine ndinali mnyamata wa tsitsi lodzadza mutu, inde, mutu womwewu, ndipo ndinkagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi kwa Chisemphere, osati kumunda ayi, kunyumba kwa bwana, mzungu wina wofiira khosi wochokera ku Halale. Ntchito yanga inali kapinga. Inu obadwa dzulo mvetsani: mzungu ameneyu anadzala udzu pabwalo pake mwadala, ine n'kumauthirira m'mawa ndi madzulo, n'kumauthira feteleza amene chimanga cha kwathu sichinamulaweko, udzu ukakondwa n'kukula ine n'kuumeta, ndikaumeta n'kukautaya kudzala, mawa lake n'kuyambanso kuthirira kuti ukule. Chometera chake chinali makina ofiira a injini, a magudumu anayi, oliza pokoka chingwe, ndipo kunsi kwake kunali mpeni umodzi wotalika ngati mkono wangawu, umene unkazungulira mpaka osaoneka. Makina amenewo munthu wina aliyense pa esitetipo sankawakhudza, ngakhale kapitawo ankangowadutsa chapatali.

Tsono Naphiri awa, nthawiyo akutchedwa Esinati, ndinawaona koyamba kuchigayo cha pa esiteti, ufa uli mbuu m'nsidze, akukalipira wachigayo kuti wawagayira mchenga m'malo mwa ufa, ndipo ndinati mumtima, mkazi wokalipa bwino chonchi ndikamusiya ndidzalira. Tinalankhulana, tinagwirizana, ndinatuma achimwene anga kwa mwini mbumba, atsibweni a Esinatiyo, a Zefaniya, mlongo wa mayi awo. A Zefaniya anali mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya wa chikopa wodziwika dera lonselo, munthu wosaseka wamba, amene tchimo lake linali limodzi lokha, kachitini ka fodya wam'mphuno kamene ankabisa m'thumba la jekete. Anawafunsa achimwene kuti mnyamatayo amagwira ntchito yanji, achimwene n'kuti amameta udzu. Udzuwo amadyetsa ng'ombe? Ayi. Amafolera nyumba? Ayi. Nanga amatani nawo? Amataya. A Zefaniya akuti pamenepo anati mwana wa mlongo wawo sangakwatiwe ndi munthu wolima chinthu choti akataye.

Choipa china, panali aphunzitsi a Kayira, amene anali atangotumizidwa kumene pasukulu ya pafupi, munthu wa tayi, wa malipiro a pamwezi, wa njinga ya belu lolira mokoma, amene anali atayamba kudutsa pakhomo pa a Zefaniya tsiku ndi tsiku kudzafunsa mmene nkhuku zadzukira. Sindiwanena zoipa, anali munthu wabwino, ndipo ubwino wawowo ndi umene unkandiwondetsa. Achimwene atachonderera, a Zefaniya anati chabwino, popeza mnyamatayo ndi katswiri wa udzu, dambo langa ilo kuseri kwa mudzi, andimwetere udzu wofolera chigafa, ndikaona denga ndidzayankha. Kumeneko kunali kunditukwana mwaulemu, paja kumweta ndi ntchito ya amayi, mwamuna amangodikira mitolo ali padenga. Koma udzuwo sunali wamasewera. A Zefaniya anali ataulondera chilimwe chonse, atalambula mozungulira kuti moto wa osaka mbewa usalowe, ng'ombe ya munthu ikangoloza mphuno kumeneko mlandu, udzu utatalika mpaka kubisa munthu woimirira, wofiirira, wowongoka, ndipo denga lakale la chigafa anali atasasula kale, phaso lili poyera kudikira. Popanda udzu umenewo mvula ikanapeza chigafa chili mbulanda, fodya wa chaka chimenecho n'kusowa kolowa. Ine ndinatumiza mawu kuti Loweruka ndibwera, ndipo zenga asavutike kundibwerekera, chometera ndili nacho changa.

Mwamwayi sabata imeneyo bwana anapita ku okushoni ku Limbe ndi banja lake lonse, makiyi a shedi yosungiramo makina n'kutsala m'thumba mwanga. Tsono Filimoni tchera khutu, apa ndi pamene pali sukulu. Mpeni wa makina sungoufikira ngati khasu. Choyamba umazula chingwe cha pulagi, chifukwa makina aja ndi nyama, ukhoza kupukusa mpeni ndi dzanja iwo n'kuyesa wawadzutsa, zala n'kupita. Kenaka umawapendeketsa, mbali yopumira mpweya ili kumwamba kuti oyilo asalowe kosayenera, n'kutchinga mpeni ndi chipika kuti usazungulire, n'kumasula bawuti ndi sipanala, n'kupala ndi kamtengo zinyalala zonse zomatirira kunsiko, zimene zimawola n'kudyetsa chitsulo dzimbiri. Ukatero umaupana pa vaisi, n'kutenga tupa, n'kumakankha mbali imodzi yokha, kutsata kupendekeka kumene mpeniwo unabadwa nako, osati kupita n'kubwerera ngati ukucheka thabwa mmene umachitira iwemo. Ukamaliza nsonga zonse ziwiri umaukoleka pakati pake pa msomali wa pakhoma, ukapendekera uku ndiye kuti uku kwalemera, ubwerezenso tupa mbali imeneyo, kufikira ugone mofanana ngati goli la ng'ombe zogwirizana, apo ayi makina amanjenjemera mpaka mano ako kugwedera. Bwana ankanena kuti usamanole kwambiri, uzingofika poti udule udzu koma osacheka chala, pakuti mpeni wopyapyala umabenthuka pa kamwala. Lamulo limenelo ndinkalisunga masiku onse, koma sabata imeneyo ndinali ndi Esinati mumtima ndi belu la a Kayira m'makutu.

Ndinanola, abale. Ndinanola mpaka tupa linatha mano n'kusalala ngati nkhama za khanda, ndinatenga lina nalonso linatha, ndinapita kumtsinje kukazula mwala umene amayi a kumakomboni ankachapirapo, ndinanolera pamenepo mpaka mwalawo unatsala kakang'ono koti n'kulasira mbalame pa legeni, ndinavula lamba n'kunolera pa lamba, lamba atatha ndinanolera pa tsamba la nthochi, tsamba litatha ndinakwera pachulu n'kumanolera pa mphepo ya mwera ija yong'amba milomo, ndipo pomaliza penipeni, kuti ulowe ukali weniweni, ndinaudutsitsa kutsogolo kwa nyumba ya kapitawo pamene mkazi wake ankakalipira mwamuna wake. Mukumva? Nditati ndiukoleke pa msomali kuti ndione kulemera, msomali unagwa pansi uli zidutswa ziwiri mpeni usanaukhudze, mpeniwo n'kutsala lende m'malere wokha, wowongoka bwinobwino. Chithunzithunzi chake chinagwera pa mwendo wa tebulo, tebulo n'kugwada. Ntchentche ina inadutsa pamwamba pake, mapiko anapitiriza ulendo, mwini wake n'kutsala akuyenda wapansi. Belu loitanira anthu kuntchito litalira, kulira kwake kunafika pakhomo pa shedi n'kuduka pakati, theka linapita kumakomboni, theka lina ndinalitola pansi likunjenjemera, ndipo tsiku limenelo anthu anagwira ntchito theka la tsiku. Ine kupusa kwanga ndinawerama kuti ndiuyang'anitsitse, ndinangomva kamphepo pamutu, kuona pansi tsitsi langa lonse lili mbwee, lometedwa mpaka kumizu, ndipo chifukwa cha mantha silinabwererenso mpaka lero. Dazi ili ndi la tsiku limenelo, amene akuti ndi ukalamba ndi wansanje.

Loweruka m'mawa ndinabwezeretsa mpeni, n'kumanga bawuti, n'kuthira petulo, n'kuyamba kukankha makina mumsewu wa fumbi kulowera kwa a Zefaniya. Pamlatho ndinapeza anyamata aja a chipani oyang'ana makhadi atatchinga msewu ndi mtengo. Ndinatulutsa langa, iwo n'kuti nanga la mnzakoyu lili kuti, ine n'kuti amenewa ndi makina, iwo n'kuti kodi amadya, ine n'kuti amamwa petulo, iwo n'kuti kodi amalankhula, ine n'kuti ukawakoka chingwe, iwo n'kuti ndiye ndi munthu ameneyo, akhale ndi khadi. Sindinakangane nawo, masiku amenewo wokangana ankakagona kutali, ndinangopendeketsa makinawo pang'ono kuti mpeni uone mtengo wotchingawo, mtengo n'kugawika wokha kusanduka nkhuni zowaza kale, anyamata aja n'kuvula zipewa n'kundiuza kuti ndiyende bwino, ndikawapatsire moni kumene ndikupitako.

Ndinapeza mudzi wonse uli m'mbali mwa dambo, pakuti mbiri inali itawanda kuti kukubwera mkamwini womweta ndi injini. A Zefaniya anali pa mpando wawo wopinda, jekete ili pathupi dzuwa lonselo, a Kayira atatsamira njinga, Esinati ali pakati pa amayi ataluma nsonga ya nsalu. Ndinabwezera chingwe cha pulagi, ndinaponda makina ndi phazi, ndinakoka kamodzi.

Analira makina aja kulira kumene sanalirepo pa kapinga wa mzungu, nkhwali zonse za m'dambo zinauluka n'kukatera ku Zambia, ndipo ine ndisanakankhe n'komwe anandikoka okha kulowa mu udzu, ine pambuyo ndagwira chigwiriro miyendo ili m'malere, kupita kumapeto, kubwerera, kupita, kubwerera, mzere ndi mzere osasiya ngakhale kaudzu kamodzi, ndipo dambo litatha njala yawo inali isanathe, anatulukira kutsidya n'kuyamba kudya zulu za chiswe, zitunda, timapiri tonse timene tinali m'dziko muno, kudutsa kwa Lukwa, kukhota, kulowera kwa Simlemba, paliponse podutsa n'kumasiya pali see ngati pa mphasa. Inu mumayesa dziko la Kasungu linabadwa lathyathyathya chonchi? Funsani akale, kuno kunali zitunda zoti ng'ombe zinkakana kukoka ngolo. Phiri la Kasungu lija latsala lokhalokha pakati pa chigwa chifukwa ndinalimvera chisoni, ndinapinda chigwiriro ndi mphamvu zanga zonse n'kulizungulira, apo ayi bwenzi lero mukudzalapo fodya. Mukumva? Tinabwerera kudambo dzuwa lisanafike pamutu, petulo n'kuthera pamapazi penipeni pa a Zefaniya.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Nditapukuta thukuta n'kucheuka, udzu wonse unali chiimire. Wonse, mmene unalili m'mawa. Mpeni uja unali wakuthwa mwakuti unadutsa m'udzumo, kuudula, kuudulanso, kuubwereza kambirimbiri kuyambira kumutu mpaka kutsinde, udzuwo osamva kanthu, uli chiimire kudikira zenga. Anthu anayamba kusekera m'manja, kenaka poyera. A Kayira, mwa ulemu wawo, anayang'ana kumbali. A Zefaniya anadzuka, anayenda mpaka m'mphepete mwa udzu, anauyang'ana, anandiyang'ana ine.

"Mwana wanga," anatero, "phokoso tamva. Kumweta uyamba liti?"

Ndinati ndamaliza, atsibweni. Anapukusa mutu, ndipo chifukwa cha kukhumudwa anaiwala kuti ali pagulu, anapisa dzanja m'jekete, anatulutsa kachitini kaja mpingo wonse ukuona, anatsina fodya, anakokera m'mphuno, nkhope inakwinyika, maso anatsinzina, ndipo anayetsemula. Kuyetsemula kumodzi kokha. Dambo lonse linagwa. Linayambira pamapazi pawo n'kumapita waaa mpaka kutsidya, fumbi la udzu n'kukwera kuphimba dzuwa, nkhuku n'kuyamba kulowa m'khola kuyesa kwada, ndipo fumbilo litatsika tinaonana ndi anthu a mudzi wa tsidya lina amene tinali tisanawaonepo chiyambire, nawonso kukamwa kuli yasa.

Ine ndinatukula chifuwa kudikira nthungululu. Sizinamveke. Mayi wina anawerama n'kutapa udzu uja m'manja, ndipo m'pamene ndinaona chimene aliyense wa inu, ngakhale Filimoni, akanachiona asanachoke kunyumba: makina a kapinga samweta, amaphwanya. Ntchito yawo ndi kusandutsa udzu zinyenyeswa zoti ukataye. Udzu wofolera umafunika wathunthu, wautali, woti upese n'kumanga mtolo, ndipo m'dambo lonse lija munalibe kaudzu kotalika kuposa chikhadabo. A Zefaniya anatapa dzanja limodzi, anausiya kuti upulumuke m'zala, anayang'ana kumudzi kumene phaso la chigafa chawo linkaoneka lili poyera.

"Ndiye chigafa changa ndifolera ndi masamba a tiyi?"

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangopinda mpando wawo n'kumapita, anthu n'kumawatsatira mmodzimmodzi, a Kayira n'kumakankha njinga yawo pambali pa mkuluyo, belu likulira lokha m'mabampu. Kunena zoona ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe, ndipo ndinachita mantha, chifukwa madambo onse apafupi anali atamwetedwa kale kapena kupsa, mvula sinali kutali, ndipo ndinadziwa kuti munthu amene wasowetsa pokhala fodya wa mwini mbumba sangapemphenso ngakhale madzi akumwa pakhomopo. Esinati anatsalira pang'ono kumbuyo, anandiyang'ana, anatsatira anzake.

Koma ine ndine Lazalo. Ndinakhala pa makinawo n'kuganiza kuti chimene chapita chamtsogolo chikhoza kubwera chambuyo. Ndinazula pulagi, ndinamasula bawuti, ndinatembenuza mpeni chagada, ndinathira m'thanki kachasu wa mayi wina wa tsidya lija poti petulo anali atatha, ndinakoka chingwe ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kukoka makina chafutambuyo, ndipo mukhulupirire musakhulupirire, zinyenyeswa zija zinayamba kuthamangira kunsi kwa makina, chilichonse kufunafuna mnzake, mutu kupeza tsinde lake, n'kumatuluka kutsogolo udzu wathunthu, wopesapesa, womanga kale m'mitolo ndi luzi lake lomwe, mitolo n'kumadzindandalika yokha mumsewu kulowera kuchigafa, wina n'kumauza mnzake kuti asakankhane...

Imani kaye, pakona paja palankhulidwa. Mwati bwanji, Naphiri?

"Ndati udzuwo tinamweta ndi zenga, ndipo zengalo linali langa. Dazilo ndi la mitolo."

Mwawamva? Zaka zonsezi munthu sungamalize nkhani m'chigafa chako chomwe. Chabwino, za kachasuzo mwina ndasokoneza ndi chaka china, ndipo zenga linalipo, sindikana, koma zenga ndi kanthu kakang'ono m'nkhani yaikulu. Filimoni, tseka pakamwapo mulowa ntchentche, ndipo za masiku ano zili ndi mapiko.

Makina ndinabweza kushedi, kapitawo ndinamuuza kuti kwathu kwagwa zovuta, ndipo sikunali kunama. Ndinamva kuti udzu watsala kutali, kumalire a nkhalango ya nyama, kumene amayi ankaopa kufikako chifukwa cha njovu. Lolemba ndinapita ndekha ndi mpeni wa kukhitchini kwa bwana, ndikulimbana ndi udzu, kugwira posayenera, manja onse mabala, dzuwa kufika pamutu ndili ndi kamtolo koti munthu n'kusesera pakhonde. Ndinangomva kumbuyo kwanga mawu akuti, "Mukugwira pamwamba kwambiri, a injiniya." Kucheuka, Esinati, zenga lili m'manja, nkhata ziwiri zili m'khwapa, atabwera osapempha kwa atsibweni, osatsanzika kwa mayi. Anandilanda udzuwo, anandionetsa kugwira chapansi, kukokera zenga kwa iwe mwini, kugwedeza kuti zinyalala zigwe, kundandalika matsinde mbali imodzi, ndipo anandikalipira tsiku lonse mmene anakalipirira wachigayo uja, ine mtima uli mbee.

Tsiku limenelo tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka, Esinati patsogolo ndi mtolo, ine pambuyo ndi mtolo pamutu ngati mayi, amuna pa bawo akufa ndi phwete, ena akundifunsa kuti nsalu ndaiwala kuti. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka mwezi unatha wina n'kulowa, mpaka anthu anatopa kuseka, amayi ena n'kuyamba kutiperekeza ndi mazenga awo, mulu wa mitolo pakhomo pa a Zefaniya n'kumakula iwo akumangodutsa n'kusolola udzu umodzi, kuuyeza ndi mkono, n'kuubwezera. Inu mukudziwa mudzi mmene ulili. Mtsikana amene wayenda masiku onsewo kutchire ndi mnyamata mmodzi, anthu onse akuona, pobwera akukangana ngati anthu a banja, ndani winanso angamutumire ankhoswe? A Kayira anali munthu wanzeru, njinga yawo inayamba kudzera njira ya kumsika, ndipo pambuyo pake anakwatira namwino wina wa ku boma, ukwati wawo tinakavina nawo.

Chigafa ndinafolera ndine, a Zefaniya ali pansi kuloza ndi ndodo pamene pachepa. Mvula yoyamba inagwa tili m'katimo tonse atatu, ine, Esinati ndi a Zefaniya, mkulu uja akuyendayenda, maso ali kudenga, chikhatho chili chotambasula kufuna dontho loti andigwire nalo. Silinapezeke. Mvula itakata anatuluka, anayang'ana mitolo imene inatsala titaiunjika pansi pa mtengo, anatulutsa kachitini kaja, anayang'ana denga, n'kukabwezera m'thumba osatsegula.

"Wotsalawu usawole," anatero osandiyang'ana. "Kuseri kwa nkhokwe uko kuli malo. Mukamange kanyumba kanu. Koma makina ako aja asadzapondenso m'mudzi muno."

Misozi inatsika, abale, ine mwamuna wathunthu, ndipo ndinanamizira fodya wa m'kachitini ngakhale kanali kosatsegula. Esinati anandiponda phazi kuti ndigwade ndithokoze, poti ndinali nditaiwala.

Ndiye Naphiri anene za zenga mmene angafunire, koma tandiuzani inu. Chikhala kuti mpeni uja unali wobuntha ngati chikwakwa cha Filimoni, bwenzi utangogwetsa udzu n'kuusiya wathunthu, a Zefaniya n'kufolera chigafa chawo, n'kundithokoza bwinobwino, mwana wawo n'kupita naye wa tayi uja, inu lero n'kumasankha fodya popanda wokuphunzitsani. Mpeni umene unadula udzu padambo n'kukadulanso njira ya njinga ya aphunzitsi, ndipo pamene unadulapo mpaka lero sipanamerenso kanthu, inu mukuti sunali wakuthwa? Zonsezo ndinazikonza dala kuyambira pa tupa loyamba, ndipo amene akusekera m'mindindi pakonapo akudziwa.

Bweretsa kuno chikwakwacho, Filimoni, ndikuonetse. Koma tupa ukatenge kwanu. Langa Naphiri analibisa chaka chomwecho, ndipo mpaka lero akukana kunena pamene lili.